Phungu, namkungwi ndi nzika ya dziko lonse

Tsiku lina tinakhala pansi pa mtengo wa mango pafupifupi ola lathunthu tikulimbana ndi liwu limodzi. Tinkakonzekera kulandira achinyamata ochokera kunja, ndipo papepala la pulogalamuyo panali liwu la Chingerezi lakuti mentor. Makolo a m'mudzimo ankafuna kudziwa kuti munthu ameneyu ntchito yake n'chiyani. Wina anati ndi mphunzitsi, wina anati ayi ndi mlangizi. Mayi wina wachikulire amene ankatongola chimanga chapambali anamvetsera mpaka titatopa, kenako anatiuza kuti amene tikumufunafunayo ndi phungu. Mkangano unathera pomwepo.

Ambiri lero tikamva phungu timaganiza za wa ku Nyumba ya Malamulo, koma liwuli lili ndi kwawo kuchinamwali. Kumeneko kuli namkungwi ndipo kuli phungu, ndipo awiriwa sasokonezeka. Namkungwi ndi mwini mwambo, amalangiza anamwali onse pamodzi, ndipo mawu ake sabwezedwa. Phungu amapatsidwa namwali wakewake. Amakhala pambali pake, kumunong'oneza pamene wasokonezeka, kumuonetsa kakhalidwe pamaso pa akuluakulu, ndipo namwaliyo akalakwa manyazi amagwira onse awiri.

Liwu la Chingerezilo nalonso linayamba motero. Mu Odyssey, ndakatulo yakale ya Agiriki, Odysseus popita kunkhondo ya ku Troy anasiya nyumba yake ndi mwana wake Telemachus m'manja mwa bwenzi lake lotchedwa Mentor. Mu 1904, Ernest Coulter, kalaliki wa khoti la ana ku New York, anapempha amuna odzipereka kuti aliyense atenge mnyamata mmodzi n'kumayenda naye, ndipo apa ndiye panachokera gulu la Big Brothers. Munthu mmodzi, mwana mmodzi, kwa nthawi yaitali. Pulogalamu imene imasonkhanitsa achinyamata makumi asanu muholo kwa masiku awiri n'kuwalankhula pa maikolofoni ikhoza kukhala yabwino, koma isadzitche ya uphungu. Imeneyo ndi ya unamkungwi.

Liwu lovuta kuposa la mentor ndi lakuti nzika ya dziko lonse lapansi. Linamveka kwambiri mu 2012 pamene Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa United Nations panthawiyo, analiika pakati pa zinthu zitatu zofunika kwambiri pamaphunziro. Mu 2015 linalowa m'zolinga za chitukuko chokhazikika, pa ndime 4.7, yoti pofika 2030 wophunzira aliyense azidziwa za ufulu wachibadwidwe, mtendere, kusasiyanitsa amuna ndi akazi ndi kulemekeza zikhalidwe za ena. A UNESCO amati maphunzirowa akhudze mutu, mtima ndi manja: mwana adziwe mmene dziko likuyendera, amve kuti anthu akutali ndi anthu anzake, ndipo achitepo kanthu. Mbali ya mtimayo sitichita kuiitanitsa kunja. Ndi umunthu womwewu, wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, kungoti mnzakoyo tsopano ali kutsidya kwa nyanja yamchere.

Komabe liwu lakuti nzika limandilemera. Kwa ife nzika ndi munthu wokhala ndi chiphaso, amene amavota, amene ali ndi manda a makolo ake penapake. Unzika wa dziko lonse ulibe chiphaso, ndipo pabwalo la ndege palibe amene amaufunsa. Mnyamata wa ku Glasgow amafika ku Lilongwe mosavuta, pamene mnzake wa ku Dedza amayamba walipira ndalama zambiri za viza n'kuonetsa umboni wakuti adzabwerera kwawo, mwinanso n'kukanizidwa. Tikamawauza onse awiri kuti ndi nzika za dziko limodzi, tiziwauzanso chifukwa chimene chitseko chimatsegukira mbali imodzi. Vanessa Andreotti, katswiri wa maphunziro wa ku Brazil, mu 2006 anasiyanitsa mitundu iwiri ya maphunzirowa. Wina ndi wofewa, umene umaphunzitsa mwana kumvera chisoni osauka n'kuwathandiza. Winawo ndi wofunsa mafunso, umene umamufikitsa poti aone kuti umphawiwo unabwera bwanji ndiponso kuti iye ndi dziko lake akupindulapo motani. Ine ndili kumbali yachiwiriyo, chifukwa chisoni chokha chimabala wopereka ndi wolandira, osati abale.

Tsono pali nkhani ya kudutsa malire a chikhalidwe. Apa ambiri amathamangira ku magule, zitenje ndi ng'oma, zomwe ndi zokoma ndithu koma zili pamwamba pokha. Chikhalidwe chenicheni chimabisala m'tinthu tosalembedwa: woyamba kupereka moni ndani, kuyang'ana wamkulu m'maso ndi ulemu kapena mwano, kukhala chete kukutanthauza kuvomera kapena kukana. Ubale wa Malawi ndi Scotland, umene atsogoleri awo panthawiyo, Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell, anausainira mu 2005, walumikizitsa masukulu ambiri a mayiko awiriwa, ndipo ubale wa sukulu ndi sukulu umalimba kapena kufa chifukwa cha tinthu timeneti. Pulogalamu ya boma la Britain ya International Citizen Service, imene inayamba mu 2011 n'kutha mu 2020, inkachita chinthu chimodzi chimene ndimachiyamikira: wachinyamata wa ku Britain ankamuphatikiza ndi wachinyamata wa dziko limene wafikako, n'kumakhala m'nyumba ya banja limodzi kwa miyezi pafupifupi itatu.

Pamakonzedwe otere funso lakuti phungu ndani limayankhidwa pa mkeka. Alendo athu aja atafika, ndinaona mtsikana mmodzi atakhala kutsogolo kwa mbale ya nsima ndi chisoso. Papepala iye ndiye anabwera kudzathandiza. Anatambasula dzanja lamanzere, ndipo mnzake wa m'mudzimo anamugunda pang'ono ndi chigongono, n'kumukankhira beseni la madzi. Anamuonetsa kutema nsima kuyambira m'mphepete, kuiumba m'chikhatho ndi kuiboola ndi chala chachikulu kuti itunge msuzi. Agogo atalowa, mnzakeyo anamukoka chitenje kuti agwade, n'kumunong'oneza mawu oyankhira moni. Madzulo ake ndinawapeza awiriwo pakhonde, mlendo uja akumuwongolera mnzake kalata yofunsira malo kukoleji, foni ili pakati pawo ikuwaunikira.