Malimidwe ndi Mabwalo a Mafumu m'Boma la Lilongwe

Mamembala achikulire a Bungwe lino akali kukumbukira mawu akuti malimidwe, koma anyamata ambiri amayesa kuti atanthauza kalimidwe chabe. Si tero ayi. M'masiku a Bwanamkubwa Geoffrey Colby, amene analamulira Nyasalande kuyambira 1948 kufikira 1956, limeneli linali dzina la malamulo okakamiza anthu kusunga nthaka, ndipo linali dzina lowawa m'kamwa.

Chiyambi chake chinali lamulo la zachilengedwe la chaka cha 1946. Itapita njala yaikulu ya 1949, Boma linaumitsa dzanja. Anthu analamulidwa kusiya matutu amene makolo awo ankalimapo ndi kupanga mizere yopingasa pamtsetse, kukumba migula yotchinga madzi, ndi kuleka kulima m'mphepete mwa mitsinje. Kuno ku Lilongwe katunduyo anagwera pamutu wolema kale, pakuti alimi a fodya wa chikopa anali pansi pa akapitao a Native Tobacco Board, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1926.

Tsono nzeru ya mizere inali yoona, ndipo umboni wake ndi minda ya lero, imene pafupifupi yonse ili ndi mizere popanda mesenjala woimirira kumbuyo kwa mlimi. Chimene chinalakwika chinali msonkhano. Pabwalo la Achewa mlandu sugamulidwa mbali imodzi isanamveke. Ankhoswe amalankhula, nduna zimafunsa ndi kubwereza mawu kuti aliyense amve kuti ake afika, ndipo mfumu imatsegula pakamwa potsiriza. Msonkhano wa malimidwe unayamba kumene bwalo limathera. Bwana wa zaulimi ankachokera ku Boma, kumene tsopano kutchedwa Old Town, atanyamula chigamulo chopangidwa kale ku Zomba, womasulira nachitembenuza m'Chinyanja, anthu nawomba m'manja mwa ulemu, iye nayesa kuti avomera. Akadafunsa, akadamva kuti migula inkakumbidwa m'chilimwe, nthaka ili gwa, ndi kuti m'midzi yambiri amuna anali ku Joni ndi ku Halale, khasu lonse lili m'manja mwa akazi.

Choipa choposa chinali chakuti milandu ya ophwanya malamulowo inkazengedwa m'makhoti a mafumu. Munthu amene ntchito yake inali kuyanjanitsa ana ake anasanduka wowalipitsa faindi ndi kuwatumiza kundende. Ndipo wodandaula anasowa kothawira, popeza mwini bwalo anali ndiye mwini lamulo.

Madandaulo osowa bwalo anapeza khomo ku Nyasaland African Congress, imene kuyambira 1950 inatsogozedwa ndi James Chinyama, mlimi wa fodya wa kuno komwe. Mu 1953, chaka cha Chitaganya, Inkosi Philip Gomani ya ku Ntcheu inauza anthu ake kuti asamvere malamulo a zaulimi, ndipo Boma linaichotsa paufumu. Ngakhale nthumwi za Devlin, zimene zinafufuza zipolowe za 1959, zinalemba kuti malamulowa anali odedwa m'midzi. Dr. Banda atakhala nduna yoona zachilengedwe mu 1961, kukakamiza kuja kunatha. Koma m'malo ena migula yabwino inasiyidwa pamodzi ndi faindi.

Nkhani ya nthaka inabweranso mu 1968, pamene chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme chinayamba ndi ngongole ya World Bank. Potsata malamulo a malo a 1967, minda inayenera kulembedwa m'kaundula, osati munthu payekha, koma banja lonse pamodzi, ndipo malo otere anatchedwa ndunda. Apa panalibe njira yolambalala bwalo. Malire sakanaikidwa mabanja oyandikana asanayende m'mundamo pamodzi ndi anyakwawa, kuloza mtengo uwu ndi chulu icho, kufikira atagwirizana. Ndipo banja lililonse linayenera kusankha woliimirira. Ntchitoyo inayenda pang'onopang'ono kuposa mmene eni ndalama anayembekezera, ndipo sinali yopanda chilema. Pachichewa munda umatsata mbumba, koma dzina lolowa m'kaundula kawirikawiri linali la mwamuna, mwini mbumba. Iye atamwalira, ana ake ndi ana a alongo ake ankapezeka pabwalo lomwelo, aliyense akuloza pepala limodzi.