Chilema, Cholakwika ndi Kulephera: Mbiri ya Mawu a Makompyuta Opirira

Mtsinje wa Shire umatuluka m'nyanja ya Malawi pafupi ndi tauni ya Mangochi, ndipo madzi ake ndiwo amapukusa makina a magetsi ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Nyanja ikaphwera, monga zinachitikira mu 2016 ndi 2017, magetsi amathimathima. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Kompyuta yaikulu yotumikira makompyuta ena, yotchedwa seva, yomwe imasunga mbiri ya odwala kapena ndalama za kubanki, iyenera kupirira zoterezi. Mawu ofotokoza kupiriraku ali ndi mbiri yoyenera kuidziwa alembi, akonzi ndi aphunzitsi.

M'chaka cha 1974, James Treybig anakhazikitsa kampani ya Tandem ku California m'dziko la America. Mu 1976 kampaniyo inatulutsa makina otchedwa NonStop, oyendetsedwa ndi pulogalamu yaikulu yotchedwa Guardian. Pa makinawa ntchito yofunika inkapatsidwa kwa mapulogalamu awiri okhala m'zigawo zosiyana: wina wogwira, wina wodikira. Wogwirayo ankauza mnzake pafupipafupi pamene wafika, ndipo chigawo chilichonse chinkatumiza uthenga wosonyeza kuti chikadali moyo. Uthengawo ukasiya kumveka, wodikira uja ankapitiriza kuchokera pamene mnzake analekezera. Mawu a Chingerezi akuti "primary", "backup" ndi "checkpoint" ankagwiritsidwa ntchito pofotokoza dongosololi. M'Chichewa akhoza kukhala mtsogoleri, mlowam'malo ndi polekezera.

Komabe akatswiri eni ake ankasokonezana, chifukwa liwu limodzi ankalitanthauzira mosiyanasiyana. Nkhaniyi anaiwongola ndi katswiri wa ku France, Jean-Claude Laprie, amene mu 1985 anasiyanitsa mawu atatu, ndipo mu 1992 anakonza buku la matanthauzo a mawuwa m'Chingerezi, Chifalansa, Chijeremani, Chitaliyana ndi Chijapani. "Fault" ndi gwero la vuto; "error" ndi kusokonekera kwa m'kati kumene gwerolo labala; "failure" ndi pamene ntchito yaleka kufika kwa mwini wake monga anayembekezera.

Msodzi wa ku Malembo kapena ku Makanjira sangavutike kumvetsa zimenezi. Mng'alu wa pa bwato ndi chilema. Madzi olowera pa mng'alupo ndi cholakwika. Kumira kwa bwato ndiko kulephera. Bwato likhoza kukhala ndi mng'alu pamwamba, pomwe mafunde safika, osalowa madzi kwa miyezi. Likhozanso kulowa madzi koma osamira, malinga pali wokapa. Makina opirira ndi otero: chilema chilipo, koma amachigwira chisanafike polepheretsa ntchito.

Kuno ku Malawi nzeruyi inaoneka m'zipatala kuyambira mu 2001, pamene bungwe la Baobab Health linayamba kuika makompyuta olembera odwala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe. Podziwa vuto la magetsi, linasankha makina osadya mphamvu zambiri ndipo linawalumikiza ku mabatire, kuti magetsi akathima kulemba kusaime. Kuthima kwa magetsi kunali chilema, koma sikunasanduke kulephera.

Pakamwa pa anthu ambiri zonsezi zimathera m'mawu amodzi akuti "makina awonongeka" kapena "netiweki palibe". Pocheza palibe mlandu, koma m'buku la sukulu, m'nyuzipepala kapena m'lipoti la kuchipatala mawu otere amabisa chenicheni. Kalaliki amene walemba kuti seva yalephera pamene diski imodzi yokha ndiyo yafa, inzake zikugwirabe ntchito, amaopseza anthu pachabe. Wolemba kuti pali kachilema chabe pamene mbiri ya odwala yatayika amachedwetsa thandizo. Choncho n'koyenera kuti alembi asunge mawu atatuwa mosiyana, monga momwe msodzi amasiyanitsira mng'alu, madzi a m'bwato ndi kumira.