Mbiri ya Thonje Lofanana ndi Silika

Kuyambira kale silika anali cobvala ca olemera, ndipo amisiri anafunafuna njira yakuti nsaru ya thonje ifanane naye. M'caka ca 1844 John Mercer wa ku Lancashire, m'dziko la England, anabviika thonje m'soda waukali; linalimba ndi kulandira utoto bwino. Ca m'ma 1890 Horace Lowe analikoka pobviikapo, ndipo linanyezimira.

Pambuyo pace akatswiri anayang'ana kwa mbozi yopanga silika. Ulusi wace umamatidwa ndi ulimbo wochedwa sericin, umene kale unkatayidwa pamodzi ndi madzi ophikira zikwa. Tsopano ulimbowo amaupaka pa nsaru ya thonje, pamodzi ndi mankhwala oumatiriza, kuti nsaruyo isacite makwinya msanga. Cotayidwa cija casanduka cuma.