Nyimbo Imene Nyumba za Wailesi Zinaikana

Lero tikambe za nyimbo ina ya ku Amereka imene inabvutitsa eni nyumba za wailesi m'caka ca 1965. Dzina lace ndi "Eve of Destruction," ndiko kunena kuti cionongeko ciri pakhomo.

M'mwezi wa March caka cimeneco asilikali a Amereka okwanira 3,500 anatsika pa Da Nang m'dziko la Vietnam, ndipo anyamata ocuruka anayamba kuitanidwa ku usilikali, afune asafune. Wopeka nyimboyo anali mnyamata wa zaka 19, P. F. Sloan, woyimba anali Barry McGuire, munthu wa mau osasa. Anaijambula ku Los Angeles mu July, ndi magitala ndi ng'oma, McGuire akuwerenga mau pa pepala lokwinyika. Onse anati uku ndi kuyesa cabe, adzayimbanso bwino tsiku lina. Koma tsikulo silinafike ai. Cojambulidwaco cinagwa m'manja mwa woulutsa wina, iye naciika pa wailesi, ndipo kampani ya Dunhill inatulutsa mbale yace monga momwe inaliri.

Nyimboyo inachula zambiri: mabomba otha kupsereza dziko lonse, nkhondo za kutali, ndi tsankho limene anthu akuda analikuona ku Selma. Koma dandaulo limene linalasa mitima linali la anyamata. Boma linali kuwatenga kukamenya nkhondo ali ndi zaka 18, pamene m'zigawo zambiri za Amereka munthu sanaloledwe kuponya voti asanakwanitse zaka 21.

Otsutsa anacokera mbali ziwiri. Oyamba anati nyimbo yotere ifooketsa asilikali ndi kukondweretsa adani. Nyumba zina za wailesi m'Amereka zinaikana, ndipo ku Britain a BBC sanafune kuti imveke pa nthawi ya zosangalatsa. Gulu lina, The Spokesmen, linafulumira kutulutsa nyimbo yoyankha, "Dawn of Correction," yotama zabwino za dziko lao.

Aciwiri anali anthu odana nayo nkhondo iwo eni, okonda nyimbo za Bob Dylan. Iwowa anati Sloan wangobwereka cobvala ca Dylan kuti apeze naco ndarama, ndi kuti waunjika matsoka onse pamodzi osalozapo njira. Pa kuunjikapo sananame, pakuti nyimboyo siipatsa munthu mpata wopuma. Koma ine ndiona kuti anaiwala cinthu cimodzi: mnyamata woyembekeza kalata ya usilikali sanali kufuna ndakatulo yosalala, anali kufuna kumva mantha ace akuchulidwa poyera.

Nanga ogula anatani? Kukanidwa kuja sikunawabweze. Pofika kumapeto kwa September mbaleyo inakhala yoyamba pa mndandanda wa Billboard, ndipo ku Britain inafika pa malo acitatu. Tsono musayese kuti dziko lonse linatembenuka. Kuciyambi kwa 1966 nyimbo yotama asilikali, "The Ballad of the Green Berets" ya Barry Sadler, inakhala pa malo omwewo milungu 5.

McGuire sanapezenso mwai wotere, ndipo pambuyo pace anatembenukira ku nyimbo za Cikristu. Asilikali a Amereka anakhalabe m'Vietnam kufikira 1973. Koma nkhani ya zaka ija inafika m'nyumba ya malamulo, ndipo m'caka ca 1971 malamulo akuru a dzikolo anasinthidwa, kuti ali yense wa zaka 18 aziponya voti.