Mbiri ya batani lochepetsera kuwala pa laputopu

Sikirini ya LCD siwala yokha. Kumbuyo kwake kuli nyali, ndipo nyaliyo imadya batire kwambiri. M'zaka za m'ma 1990 inali kachubu kowonda kotchedwa CCFL. Munthu akafuna kuchepetsa kuwala ankasuntha kabatani pambali pa sikirini kapena kudina batani la Fn, ndipo laputopuyo inkagwira ntchitoyo yokha, Windows kapena Linux osadziwa n'komwe.

Mu 1996 Intel, Microsoft ndi Toshiba anatulutsa ACPI, malamulo oti kompyuta ndi mapulogalamu ake azimvana pa nkhani ya magetsi. Kenaka anaonjezeramo za kuwala: lamulo la _BCL limatchula milingo imene makinawo ali nayo, pamene _BCM limasankha mulingo umodzi. Koma makampani sanatsatire mofanana. IBM, Sony, Asus ndi Dell, aliyense anali ndi njira yakeyake, ndipo zambiri mwa njirazi zinali zosalembedwa poyera. Olemba mapulogalamu a Linux anachita kufufuza okha, kampani ndi kampani, mpaka kunabadwa madiraiva monga toshiba_acpi ndi ibm_acpi, imene pambuyo pake inatchedwa thinkpad_acpi. Onsewa ankaonekera mu foda ya /sys/class/backlight, momwe munthu akalemba nambala m'fayilo ya brightness, nyali imamvera.

Nyali za LED zitafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, chipu choyendetsa zithunzi chinayamba kulamulira nyali mwachindunji: chimaiyatsa ndi kuizimitsa mothamanga kwambiri moti diso limangoona ngati kuwala kwachepa. Apa nyali imodzi inakhala ndi mabwana atatu: ACPI, diraiva ya kampani ndi diraiva ya zithunzi. Zinali ngati mbuzi ya abusa atatu, aliyense akuti mnzake ndiye aitsekera. Udina batani, kachizindikiro pa sikirini nkusuntha bwinobwino, koma kuwala kuli pomwepo.

Vuto linakula mu 2012, Windows 8 itayamba kudalira diraiva ya zithunzi. Makampani analeka kuyesa njira ya ACPI, ndipo pa makina ambiri atsopano inali yowonongeka. Anthu a Linux ankangoyeserera kulemba acpi_backlight=vendor kapena acpi_backlight=native poyatsa kompyuta. Wolemba mapulogalamu Hans de Goede, ali ku kampani ya Red Hat, anathera zaka pa nkhaniyi, ndipo mu Linux 6.1 ya 2022 anakonzanso kasankhidweko kuti diraiva imodzi yokha ndiyo izigwira nyali.

Komabe fayilo ya mu Linux yotchedwa video_detect.c ikusungabe mndandanda wa makina osamva lamulo, aliyense ndi dzina la kampani ndi mtundu wake. Ambiri analowamo chifukwa mwini laputopu anadandaula, nkuyesa njira zonse, nkunena imene yagwira. Laputopu yachilendo ikatuluka lero, imadikira munthu woteroyo kuti dzina la laputopuyo lilembedwe.