Mawu Oyenera Kuwadziwa Pokoka Magetsi ku Nyumba Yatsopano ku Chifunde

Ngakhale kuti boma la Chifunde lili m'chigawo cha Tete, komwe makina a damu la Cahora Bassa ku Songo amatha kutulutsa mamegawati 2,075, banja lomwe lamanga nyumba ya malata ku Mualadzi kapena kufupi ndi chipata cha m'malire cha Cassacatiza ndi ndalama za fodya silipeza magetsi chifukwa chongoyandikana ndi gwero lawo. Zimene zimagamula mtengo ndi ziwiri, mtunda wochokera pa mzati womaliza kufika pakhomo ndi kunenepa kwa waya wodutsa mtundawo, ndipo mawu ambiri a ntchitoyi amazungulira pomwepa. Poti zikalata za EDM, kampani ya boma yogawa magetsi yomwe idakhazikitsidwa mu 1977, zimalembedwa m'Chipwitikizi, mwininyumba wolankhula Chinyanja nthawi zambiri amavomera zinthu zimene sadazimvetse bwino.

Magetsi amafika m'dera pa nthambo za mavoti zikwizikwi zomwe sizingalowe m'nyumba, choncho amayamba atsitsidwa pa thiransifoma, malo omwe amisiri amawatcha PT, chidule cha posto de transformação, mpaka afike pa mavoti pafupifupi 220 ogwiritsa ntchito pakhomo. Waya wotsika kuchokera pa mzati wa m'mbali mwa msewu kufika pa mita amatchedwa baixada, ndipo mita yake, yomwe m'Chipwitikizi amati contador, masiku ano imakhala ya Credelec, yomwe munthu amagulira mayunitsi asanawagwiritse ntchito. Mitayo ndiyo malire a udindo, chifukwa zonse za kuseri kwake, kuyambira pa bokosi lalikulu lotchedwa quadro mpaka pa soketi yomaliza, ndi za mwininyumba.

Malire amenewa ndiwo amatanthauzira mawu akuti kulumikiza kwaulere. Boma la Mozambique lidakhazikitsa pulogalamu ya Energia para Todos mu 2018 pansi pa mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Filipe Nyusi, ndi cholinga choti aliyense akhale ndi magetsi pofika 2030, ndipo kumapeto kwa 2020 lidachotsa ndalama imene mabanja ankalipira polumikizidwa koyamba. Ganizoli lidali labwino ndipo lidathandiza osauka ambiri, koma silidachotse mtengo wa mawaya a m'nyumba ndi malipiro a mmisiri, ndiponso limafika msanga kwa amene mizati idadutsa kale pafupi nawo. M'boma ngati la Chifunde, momwe midzi ndi yotalikirana ndipo makomo amamwazikana potsata minda, nyumba yomwe ili kutali ndi nthambo iyenera kudikira kuti mizati iwonjezedwe.

Chifukwa chimene mtunda umakwezera mtengo chimamveka bwino pofotokoza kugwa kwa mavoti, kumene amisiri amati queda de tensão. Waya aliyense amakaniza pang'ono kuyenda kwa magetsi, ndipo kukanizako kumakula waya akatalika, kumachepa waya akanenepa. Kunenepa kumayezedwa m'mamilimita a sikweya, kutanthauza kukula kwa nkhope ya chitsulo waya akadulidwa pakati. Waya wa aluminiyamu wa mamilimita 10 a sikweya, wonyamula maampeya 20 pa mtunda wa mamita 100, amataya mavoti pafupifupi 11, omwe zipangizo zambiri zimapirira. Koma mtunda ukafika mamita 300 otayika amapitirira 30, ndipo pamenepo mababu amazirala madzulo aliyense akayatsa zake, pomwe injini ya furiji imavutika kudzuka, imatentha, kenako imapsa. Mankhwala ake ndi waya wonenepa kuposa uja, wa 16 kapena 25, kapena thiransifoma ina pafupi, ndipo zonsezi zimadya ndalama zambiri. Aluminiyamu amakondedwa pa mizati chifukwa ndi wopepuka ndiponso wotsika mtengo, ngakhale kuti amadutsitsa magetsi mochepera mkuwa ndipo ayenera kunenepa kuposa mkuwa kuti anyamule katundu wofanana.

M'nyumba momwemo waya amasankhidwa potsata katundu, ndiko kuti kuchuluka kwa maampeya omwe zipangizo zimakoka. Mwa chizolowezi mababu amapatsidwa waya wa mkuwa wa 1.5, masoketi wa 2.5, ndipo chitofu chophikira chimafuna wa 4 kapena 6. Mbaula ya magetsi ya mawati 2,000 yokha imakoka maampeya pafupifupi 9, kotero kuti nyumba yomwe idawayidwa poganizira mababu, wailesi ndi kutchaja foni imalemedwa banja likagula simbi ndi ketulo. Choteteza waya ndi disjuntor, swichi yomwe imadzizimitsa yokha maampeya akapyola muyezo. Chizolowezi chochotsa disjuntor yomwe ikugwa kawirikawiri n'kuikapo yaikulu popanda kusintha waya ndi choopsa kwambiri, chifukwa waya wowondayo amatentha mwakachetechete kudenga mpaka pulasitiki wake atasungunuka. Choopsa china ndi kukoka magetsi kwa mnansi pa chingwe chopyapyala chokwiriridwa m'dothi, zomwe lamulo limaletsa ndipo zimatha kupha ana m'nyengo ya mvula.

Wofuna kutsegula chigayo kapena malo owotcherera zitsulo amakumana ndi mawu ena awiri, monofásico ndi trifásico. Loyamba limanena za magetsi a waya wamoto mmodzi omwe amakwanira nyumba, pomwe lachiwiri limanena za mawaya amoto atatu opereka mavoti pafupifupi 380, omwe injini zazikulu zimafuna, ndipo kusamuka kuchoka pa oyamba kupita pa achiwiri kumafuna baixada ina, mita ina ndi quadro ina. Womanga nyumba ku Chifunde alembe zipangizo zonse zimene akuyembekeza kudzagula, ayeze mtunda wa ku mzati, ndipo afunse ku ofesi ya EDM asanagule waya ngakhale mpukutu umodzi.