MACHONA A KU HARARE NDI MLANDU WA UMBADWA WAO

Komiti yandipempha kuti m'lipoti la caka cino ndilembemo mau pang'ono onena za abale athu amene anatsalira ku Zimbabwe, pakuti ambiri a ife tili ndi malume kapena agogo amene anapita kumeneko osabweranso.

Ulendo wa ku Harare unayamba cifukwa ca msonkho wa nyumba. Ndalama zinali zosowa m'Nyasaland, tsono amuna anayenda pansi milungu yambiri, naoloka Zambezi, kukafuna nchito ku migodi ya Wankie ndi Shamva ndi ku minda ya fodya ya Azungu. M'caka ca 1903 kunakhazikitsidwa bungwe lolemba anchito limene makolo athu analicha Cibalo, ndipo pambuyo pake kunadza Ulere ndi Mthandizi. Komiti ya Bwana Lacey inapeza m'caka ca 1935 kuti amuna ngati 120,000 anali kunja kwa dziko lino. Ambiri anakwatira komweko, nabala ana, namanga machalichi ndi mizikiti, navina Gule Wamkulu m'makomboni. Ena anatsogolera anzao pomenyera malipiro, monga Robert Sambo, amene anathamangitsidwa m'dzikomo m'caka ca 1927 cifukwa ca bungwe la anchito la I.C.U.

Koma ngakhale thukuta lao linalemeretsa dzikolo, iwo anakhalabe alendo. Eni dziko ankawachula maina onyoza, ndipo pa citupa cao panalembedwa cilembo A, kutanthauza mlendo. Bvuto lalikulu linadza m'caka ca 2000, pamene minda ya Azungu inalandidwa. Anchito a m'mindamo anataya nchito ndi pogona pomwe, ndipo analibe mudzi kapena mfumu yowapatsa malo. M'caka ca 2001 Boma la Zimbabwe linapanga lamulo lakuti yense amene akanatha kukhala mbadwa ya dziko lina akakane umbadwa umenewo motsata malamulo a dziko linalo, m'kati mwa miyezi 6. Tsono mwana wobadwira pa famu, amene sanaonepo Nyanja ya Malawi, akanakana bwanji cinthu cimene sanakhale naco? Ambiri analibe ndi kalata yobadwira yomwe. Cotero anasanduka anthu opanda dziko: osaponya voti, osalandira pasipoti, ndipo ana ao anabvutika polemba mayeso a sukulu.

Mpumulo unadza ndi Malamulo Akulu a 2013. Cigawo 43 cikunena kuti munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanalengezedwe, amene kholo lake linali mbadwa ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye anali kukhala momwemo, ndiye mbadwa ya Zimbabwe mwa kubadwa. Nalo dziko lathu linabvomereza umbadwa wa maiko awiri m'caka ca 2018. Komabe lamulo la pa pepala silithandiza wopanda zikalata, ndipo lipoti la Amnesty International la 2021 linaonetsa kuti ambiri anali asanalembedwebe.

Tisafulumire kuloza cala anansi athu. Alomwe atafika kuno kucokera ku Mozambique, anapatsidwa nchito yowawa ya thangata m'minda ya tiyi ndi fodya, nachedwa dzina lonyoza, kufikira Bambo Lewis Bandawe anayambitsa bungwe lao m'caka ca 1943 napempha Boma kuti dzinalo lileke. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Cifukwa cace ndipempha zinthu ziwiri. Coyamba, membala aliyense alembetse ana ace akangobadwa ndi kusunga zikalata zao mosamala. Caciwiri, wina akalembera Bungwe lino kucokera ku Zimbabwe kufunsa mudzi wa agogo ace, tiyende naye kwa mafumu kufikira atapeza abale ace, pakuti umboni umene ife tiuyesa waung'ono ndiwo umene iye akusowa kuti alembedwe monga mbadwa.